Manja Onjenjemera ndi Mwendo wa a Thalakitala

Botolo la madzi otsukira bala litapulumuka m'manja mwake n'kugubudukira kunsi kwa bedi, mtsikana wina wophunzira unamwino anangoima ngati chitsa. Wodwala anali kudikira, mwendo uli poyera. Aphunzitsi ake, amene ophunzira onse ankawatchula kuti a Sisita, anali chilili pambali. M'chipinda monse munali zii. Zonse zimene anawerenga zinali m'mutu mwake ndithu, koma manja anamukana. Ankanjenjemera ngati tsamba pamphepo. Nthawi inatha bala lisanatsukidwe.

Aka kanali kachiwiri kulephera mayeso omwewo, a kutsuka ndi kumanga bala. Lamulo la sukulu ya anamwino ija aliyense ankalidziwa: ukagwanso kachitatu, umalongedza katundu wako.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu munagwapo chonchi. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba, ine munthu amene kukhala pansi kumandivuta. Ine ndayenda, abale anga. Ndawoloka malire ochuluka moti pasipoti yanga imadzaza isanakalambe. Ndagona m'mahotela otalika, oti ukasuzumira pawindo galimoto zimaoneka ngati nyerere. Malole anga mumawaona pamsewu, ndipo mukawaona muziwapatsa ulemu, chifukwa mwini wake anayamba ndi wilibala yobwereka ya tayala lopindika. Koma m'maulendo onsewo sindinaone khama loposa la mwana ameneyu, ndipo ndinalionera pakhomo pa shedi yanga yomwe, osagula tikiti ya ndege.

Mtsikanayu anali wamasiye. Anakulira kwa azakhali ake, mayi ochapira anthu zovala, m'chipinda chimodzi chimene chingwe choyanikira chinkadutsa pamwamba pa bedi. Kusukulu anzake anamupatsa dzina loti Njenjenje. Dzinalo linamumatirira, ndiye nanenso ndimutchula choncho, pakuti lero mwini wake amaseka nalo.

Atafika kunyumba tsiku lolepheralo anauza azakhali kuti mwina unamwino si wake. Azakhali sanasiye kusita. Anangomufunsa ngati amuthamangitsa kale. Iye anati ayi, watsala ndi mwayi umodzi. Iwo anati ndiye avule yunifolomuyo aichape, asalire ataivala ingathimbirire.

Chaka chimenecho sukulu ya anamwino ija inali itagwirizana ndi anthu a dera lathu, dera la kuseri kwa msika waukulu, kumene nyumba zimagundana mapewa ndipo njira amakulozera ndi ngalande. Anthu akumeneko sapita kuchipatala msanga, chifukwa tsiku lothera pamzere ndi tsiku logona ndi njala. Mgwirizano unali wakuti ophunzira azibwera kudzathandiza odwala komweko, aphunzitsi awo akuwayang'anira, ndipo eni dera alole kuti anawo aphunzirire pa iwo, komanso azinena maganizo awo pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Wophunzira aliyense anapatsidwa wodwala wake woti azimuyendera. A Sisita anauza Njenjenje kuti mayeso ake otsiriza sadzachitikira kusukulu. Adzabwera okha kumapeto kwa teremu kudzamuona akumanga bala la wodwala wakeyo.

Wodwala wake anali a Thalakitala.

A Thalakitala ndi bambo wokankha wilibala pamsika, wamsinkhu wanga, ndipo ntchito imeneyi tinaiyambira limodzi tili anyamata. Dzinalo analipeza chifukwa katundu amene anyamata awiri ankamukana, iwo ankamukankha akuimba mluzu. Msomali wa bokosi unawakanda pamsongolo. Kabala kakang'ono kaja kanakula mpaka kusanduka chilonda chachikulu ngati chikhatho cha mwana, chonyowa nthawi zonse, chosafuna kupola.

Njenjenje ankapita kunyumba kwawo madzulo iwo ataweruka. Kumeneko kunalibe maso a a Sisita, choncho manja ankamumverako pang'ono. Ankatsuka chilondacho monga momwe buku limanenera, n'kuchikulunga ndi bandeji yoyera mbee kuyambira kuphazi mpaka pafupi ndi bondo, yosalala ngati ya pachithunzi. Akamaliza ankawauza kuti mwendo upume, auike pampando, usanyowe, ndipo bandeji asaikhudze kufikira iye atabweranso. A Thalakitala ankavomera zonse mwaulemu. Inde anesi, zikomo anesi, muyende bwino anesi.

Koma chilonda chinkangokulirakulira. Akabwera ankapeza bandeji ili m'malo mwake, yoyera ndithu, koma akaimasula mkati munkakhala fumbi ndi timakoko ta anyezi. Mwanayo anayamba kuganiza kuti manja ake ndi atsoka, amaononga chilichonse chimene akhudza.

Tsiku lina asanamasule anaiyang'anitsitsa bandejiyo. Iye ankaimaliza ndi kapulasitala. Apa inali yomangidwa ndi mfundo, ndipo sinali mfundo wamba. Inali mfundo ija timamangira matumba pawilibala, yoti ukakoka nsonga imodzi imamasuka yonse. Ine mfundo imeneyo ndingaimange lero lomwe nditatsinzina, ndili m'suti. Mwanayo anakulira pafupi ndi msika, ndiye anaizindikira. Anamanga chilonda, natsanzika osafunsa kanthu.

M'mawa mwake anapempha chilolezo kusukulu n'kubwera kumsika. Anawapeza a Thalakitala akutsetsereka ndi wilibala ya kabichi m'kanjira ka matope. Thalauza linali litaphimba mwendo, koma kumunsi kunkaoneka kapepala kapulasitiki kamene anakulunga pachilonda. Bandeji inali m'thumba la malaya, yopindidwa bwino ngati mpango wa kuukwati.

Apa ndi pamene mwanayo analakwitsa zenizeni. Ndi yunifolomu yakeyo, pakati pa msika, anawaimitsa n'kufunsa mokweza kuti bandeji aivuliranji, kodi sakudziwa kuti mwendo ungawole. Mayi mwini kabichi anayang'ana yunifolomu, nayang'ana mwendo, kenako anakodola mnyamata wina kuti adzatenge katundu wotsalayo.

A Thalakitala anatula wilibala pansi pang'onopang'ono.

"Mwana iwe, wogula ng'ombe amayang'ana miyendo," anatero motsitsa mawu. "Amayi awa akaona nsalu yoyera pamwendo panga amaitana wina. Bandeji yakoyo ndi yokongola, koma ana anga sadya bandeji. Kunyumba kwanga usadzapondenso."

Taonani tsono. Wodwala palibe, mayeso palibe, ndipo teremu inali itapita kale pakati. Ambiri akanathera pamenepo. Akanati sukulu ndi yokondera, anthu osauka ndi osamva, dziko ndi loipa. Ndawamva mawu amenewa m'zilankhulo zambiri, ndipo kulikonse amanenedwa ndi munthu amene wakhala pansi.

Njenjenje anapita kwa a Sisita n'kuwafotokozera zonse, osabisa ngakhale zofuula zake zija. A Sisita sanamukalipire. Anamufunsa ngati anayamba wawafunsa bambowo kuti tsiku lawo limayenda bwanji asanawalamule kuti apume. Iye anati ayi. Iwo anamuuza kuti sukulu sinapite kudera limenelo kukaonetsa mabandeji okongola, ndiye apite akaganize njira yoti chilonda chipole munthu akugwirabe ntchito yake, abwere nayo aione. Anabwera nayo. Chilondacho chizitsukidwa m'mawa ntchito isanayambe, chiziphimbidwa ndi kansalu kakang'ono komata ndi pulasitala, pamwamba pake sokosi yaitali yakuda ndi jombo, kenako chizionedwanso poweruka. A Sisita anavomera, nawonjezera kuti bambowo akayezetse shuga kuchipatala, chifukwa bala losapola limakhala ndi mnzake wobisala.

Njira inalipo, koma mwini mwendo anali atamuthamangitsa. Ndi mmene anafikira kwa ine.

Ndinali nditangofika kumene kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndili pakhomo pa shedi yanga kuyang'anira anyamata akutsitsa anyezi m'lole, nsapato zanga zikuwala moti ntchentche ikatera inkaterereka. Kamtsikana kovala yunifolomu kanaima patsogolo panga ndi chikwama, n'kupempha kangodya ka shedi, benchi ndi ndowa ya madzi oyera m'mawa uliwonse.

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene akulankhula naye.

"Ndikudziwa, bambo," anatero. "Ndinu amene munayamba ndi wilibala. Ndiye mukudziwa kuti mwendo ndi chiyani kwa munthu wa wilibala."

Ine ndakambirana ndi akuluakulu a makampani amene amabwera ndi maloya awo kumsonkhano, koma palibe amene anandigonjetsa msanga chotere. Ndinalamula kuti asese ngodya yabwino, ya pafupi ndi khomo, pamene pamalowa kuwala. Benchi ndinapereka yanga yomwe ndimakhalapo. Jombo ndinatulutsa zatsopano m'sitolo. Sokosi yakuda anagula ndi azakhali ake.

M'mawa uliwonse asanapite m'kalasi ankafika, kusamba m'manja, kutsegula chikwama pabenchi, n'kukhala. A Thalakitala ankadutsa pakhomopo ndi wilibala yawo, khosi litauma, ngati pangodyapo palibe munthu.

Amene anabwera anali anzawo. Anthu a wilibala sasowa kabala: uyu chala chapanidwa ndi bokosi, uyo waya wamucheka. Ankabwera theka kufuna thandizo, theka kufuna choseketsa. Ndipo choseketsa chinalipo, chifukwa maso akamuzungulira manja aja ankayambanso gule wawo. Wina anamufunsa ngati akuthira mankhwala kapena mchere. Wina anati amubwereke akamusefere ufa kunyumba. Wina anauza anzake kuti ayang'ane m'matumba, foni ya wina ikulira, kenako anati pepani, ndi anesi. Shedi yonse inkagwa ndi phwete. Musawaone ngati ankhanza. Pamsika amene sitimufuna sitimuseka, timangomudutsa.

Mwanayo ankangopitiriza kumanga. Ndinkamuonera ndili paofesi yanga. Masiku ena ankachoka maso atafiira, ndipo ndinkati mawa sabwera. Mawa lake ndinkapeza ndowa yadzaza kale.

Tsiku lina mnyamata wina wamkamwa kwambiri anatambasula dzanja lochekeka n'kunena kuti anesi agwire pang'onopang'ono, angamugwedeze mano. Njenjenje sanadzutse mutu.

"Achimwene, anga akunjenjemera koma ndi osamba," anatero. "Anuwa anaonana liti ndi sopo?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunaimitsa lole panja. Mnyamatayo anzake amamutcha Sopo mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo Njenjenje anakhala wathu. Ankamusekabe, koma iye ankabweza, ndipo akamabweza ankaiwala zoyang'ana manja ake.

A Thalakitala zonsezi ankaziona ndi kumbali kwa diso. M'mawa wina, ogulitsa asanachuluke, anaimika wilibala pakhomo, nalowa akutsimphina, n'kukhala pabenchi osapereka moni. Njenjenje anagwada pansi, nawapepesa chifukwa chowachititsa manyazi pagulu ndi kuwaluzitsa katundu. Iwo anangoti zapita.

"Yoyera ija sindikuifuna."

"Yoyera palibe, bambo. Pali iyi." Anawaonetsa sokosi ndi jombo.

"Ndipo zopuma usanditchulire."

"Mupume nthawi ya nkhomaliro yokha, mwendo pabokosi. Nthawi inayo kankhani."

A Thalakitala anatembenuza jombo ija, nayang'ana kunsi kwake ngati akugula tayala. Kenako anapinda thalauza.

Mwanayo, monga anaphunzitsidwira, anapachika lona kuti wodwala asaonekere. A Thalakitala anaikoka n'kuigwetsa. Anati kuseri kwa nsalu anthu adzati akubisa nthenda yaikulu, ndipo mbiri yotere imapha ntchito kuposa bandeji. Aliyense aone yekha kuti ndi bala la msomali. Mwendo unali wawo, ndiye mawu awo anapambana. Motero m'mawa uliwonse Njenjenje ankatsuka chilonda chija anthu a wilibala atamuzungulira, makapu a tiyi m'manja, aliyense akupereka malangizo ngati dokotala wamkulu.

Zoyezetsa shuga a Thalakitala anakana kwa nthawi, akuti pamzere wa kuchipatala palibe amene amalipira munthu. Ndinalowererapo ine. Ndinawakweza m'galimoto yanga ya mipando yachikopa, kutsogolo, mphepo yozizira ikuwaomba, ndipo ndinadutsira dala pakati pa msika kuti onse aone. Kuchipatala anapeza kuti shuga ndi wokwera, nawapatsa mankhwala ndi malangizo a kadyedwe. Pobwerera anandiuza kuti galimoto yanga ndi yabwino koma siingakwere kanjira ka kumakabichi. Ndinawavomera. Pakati pa ife awiri, mmodzi ayenera kukhala wodzichepetsa.

Pang'onopang'ono chilonda chinayamba kuuma. M'mphepete mwake munabwera khungu latsopano, chikhatho chija chinasanduka kachidindo. Amayi ogulitsa ankaona munthu wa jombo zatsopano akukankha mwamphamvu ndipo ankamuitana ngati kale. Anzake a Njenjenje a kusukulu atamva, ena anayamba kubwera naye kudzayeza anthu kuthamanga kwa magazi. Ngodya ija inayamba kuchepa, ndinasunthitsa matumba.

Ndiye linafika tsiku la mayeso.

A Sisita analowa m'shedi nthawi yake yeniyeni, nayang'ana ndowa, nayang'ana benchi, nayang'ana khamu la amuna limene linaima mozungulira. Anafunsa a Thalakitala ngati akufuna kuti anthuwo atuluke. Iwo anati ayi, akhale, mwendowu anauzolowera kuposa akazi awo.

Koma anyamatawo anali atapangana okha dzulo lake. Ankadziwa kuti mwana wawo akagwa lero sukulu yathera pomwepo, ndiye anagwirizana kuti pasapezeke woseka, pasapezeke wotsokomola. Anavula zipewa. Sopo anapinda manja kumbuyo ngati mwana wa kwaya. Ine ndinauza dalaivala kuti azimitse lole. Kwa nthawi yoyamba chimangireni shedi imeneyo, munali zii.

Njenjenje anasamba m'manja, navala magolovesi, namatula kansalu kakale. Atatenga thonje ndinaona nsonga yake ikugwedezeka. Anayang'ana dzanja lake. Kugwedezeka kunakula. Chete uja anali yemwe uja wa m'chipinda cha mayeso, ndipo ife ndi chikondi chathu chomwe tinali titamubweretsera mdani wake pakhomo. Anaima, thonje lili m'malere. A Sisita anayang'ana wotchi.

A Thalakitala anayang'ana dzanjalo, kenako anatembenukira kwa anzawo.

"Kodi ndafa ine?" anafunsa. "Mwangoti duu ngati mwabwera kudzaona nkhope. Iwe Sopo, pakamwa paja wapinyolitsa?"

Sopo anayankha kuti akulemekeza alendo, koma popeza afunsa, jombo za a Thalakitala zikununkha moti anyezi akudandaula. Wina anati anesi afulumire, mdalayo angakalambire pabenchi. Wina anafunsa a Sisita ngati kusukulu kwawo amalandira amuna okongola opanda satifiketi. Phokoso linabwerera m'malo mwake ngati madzi m'ngalande.

"Achimwene, sunthani, mukunditchingira kuwala," anatero Njenjenje, osayang'ana n'komwe amene akumuuza.

Dzanja linatsika. Anatsuka kuyambira pakati kupita kunja, thonje lililonse kamodzi n'kutaya. Anaumitsa m'mbali, naphimba, namata, nakweza sokosi mosamala kuti isakoke pulasitala. Ali mkati ankafunsa a Thalakitala ngati amwa mankhwala, ngati dzulo anaika mwendo pabokosi, ngati lero kuli katundu wa kumatope. Ine ndaonapo amisiri a mawotchi m'mizinda ikuluikulu akugwira ntchito kuseri kwa galasi. Manja a mwana uja m'mawa umenewo sanasiyane nawo.

Monga mwa mgwirizano uja, a Sisita anafunsa mwini mwendo maganizo ake.

"Uyu anayamba ndi kundilamula, pano amandifunsa," anatero a Thalakitala akuvala jombo. "Mukhozetseni msanga, mayi, kabichi akundidikira."

A Sisita anauza Njenjenje kuti wakhoza, ndipo wakhoza bwino. Anamuuzanso pamaso pa tonse kuti m'chipatala simudzakhala anthu a wilibala omusokosera, ndiye ayenera kuphunzira kugwira ntchito ngakhale pali chete. Iye anavomera, ndipo anachitadi. Teremu yotsatira ankalowa yekha m'chipinda chophunzirira anzake atatuluka, kumanga ndi kumasula mpaka chete anasiya kumuopsa. Koma tsiku limenelo sitinalabadire za mawa. Ndinagulira msika wonse zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo azakhali ake, amene anali atabisala kuseri kwa matumba nthawi yonseyo, anatulukira akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu, akunena kuti ndi anyezi.

Lero Njenjenje ndi namwino pachipatala chachikulu, ndipo odwala amachita kupempha kuti awabaye jakisoni ndi iyeyo chifukwa dzanja lake ndi lopepuka. Sukulu ija ikatumiza ophunzira atsopano kudera lathu, amene amawaperekeza ndi iye. Ngodya ija ndinaimangira khoma, ndinaika mpopi ndi mipando yeniyeni, ndipo ndikukuuzani mosanyada kuti zipatala zina zimene ndaziona m'maiko olemera sizifikapo pa ukhondo wake. Ophunzirawo asanatsegule zikwama, Njenjenje amawauza kuti ayambe afunsa wodwala ntchito imene amagwira ndi mmene tsiku lake limayendera. A Thalakitala akukankhabe. Pamsongolo pawo patsala chipsera chimene amaonetsa mwana wa sukulu aliyense watsopano, afune asafune.

Tsono iwe amene wagwa mayeso, iwe amene akutcha dzina lonyoza, iwe amene walakwitsa pagulu ndipo ukufuna kusamuka dera, tamvera munthu amene waona dziko. Kulephera kwako sikunamalize kukuweruza ngati khomo silinatsekedwe. Ukalakwira munthu, kamupepese. Njira ya m'buku ikakana, funsa mwini vuto. Anthu akakuseka, usathawe, mwina mphamvu yako ikukuliramo m'kuseka komweko. Mtima wokhawo usautaye. Mawa kukacha dzuka, samba m'manja, nyamula chikwama chako, ukakhale pamene pali ntchito yako mpaka wokudutsa uja atakhala pansi.